Dzimbiri la M'mimba mwa Njati

Lachinayi, pa 17 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi adzukulu onse. Ine miyendo ikadandinyamula. Amene sali bwino ndi alamu anu, ndipo ndasankha kulemba kusiyana ndi kuimba foni chifukwa pa foni mumandidula mawu ndisanafike komwe ndikupita. Kuchipatala tapita, adokotala apima magazi ndi mtima, sanapeze kanthu. Koma munthu sakudya. Ndikawaikira mbale amatapa masipuni atatu, akachulutsa anayi, n'kuikankhira kumbali. Ndikuopa kuti atisiya, achimwene, ndipo chomwe chikuwadya ndi Njati.

Njati simungaiiwale, mutu wa sitima ya malasha uja munkasonkhezamo moto iwo akuyendetsa. Boma litasiya sitima za malasha linatsekera mitu itatu mu shedi yakale ija kuti ikhale ya chikumbutso. Kusamala kwake kunali kwa pakamwa. Ndalama zomwe unduna umatumiza pa chaka zimangokwana malipiro a mlonda ndi zitini ziwiri za penti, ndipo chaka china pentiyo sabwera. Denga linabooka mbali imodzi, nkhunda zikuswerana m'mitanda. Ndiye anzanu akale a njanji, atapuma ntchito, anagwirizana zoti azisamalira okha. Anayamba alipo khumi ndi mmodzi. Lero atsala atatu: alamu anu, a Mbendera amene anali gadi wa sitima, ndi amakaniko aja osamva khutu limodzi. Mitu yonse itatu sakanaitha, choncho anasankha Njati, iwiri inayo n'kuisiya kumbali yodontha.

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Loweruka lililonse lakhala la Njati. Girizi, oyilo, nsanza zopukutira, zonse zinkachokera pa penshoni yathu. Ine ndaphunzitsa masamu moyo wanga wonse, musaganize kuti sindinkaona. Ndinkawerengera n'kukhala chete, chifukwa munthu ankabwerako akuimba likhweru, n'kudya mpaka kupempha zina.

Lamulo lanu lija sanalisiyepo. Inu mukulidziwa kuposa ine: sitima sigona yopanda madzi m'boyila, kuopa kuti wina angayatse moto m'mawa chitsulo n'kupsa. Madzi azioneka pakati pa galasi loonera kuchuluka kwake. Iwo akafika ku shedi, choyamba chinali kuyang'ana galasilo. Akaona kuti atsika ankakoka paipi kuchokera ku mpopi wa mlonda n'kuwonjezera. Moto sunayakemo chichokereni inu, koma madzi sanasowemo ndi tsiku limodzi lomwe.

Mwezi watha kunabwera uthenga woti boma lapeza ndalama zodzutsira mutu umodzi, kuti uzikoka alendo odzaona malo. Umodzi wokha. Alamu anu anandisititsa ovolosi ngati akupita ku ukwati, ndipo tsiku lomwe injiniya wa ku unduna anabwera kudzapima, nanenso ndinapita. Injiniyayo ndi mtsikana, msinkhu wa mwana wathu wotsiriza, waulemu ndithu. Anapatsa moni aliyense ndi manja awiri.

A Mbendera anayamba zawo zija. "Mayi injiniya, musataye nthawi ndi mitembo iwiriyo. Mkwatibwi ndi uyu. Akuluwa akanati azisamala akazi awo chonchi, bwenzi aphunzitsiwa akuoneka ngati namwali."

Ine ndinati, "Anu aja, a Mbendera, anathawa chifukwa chosamalidwa kwambiri?"

Tinaseka tonse, mpaka amakaniko amene sanamve kanthu. Mtsikanayo anazungulira Njati, akugwira magudumu ndi zitsulo zam'mbali, n'kunena kuti sanaonepo mutu wakale wosungidwa bwino chonchi. Alamu anu anangoti njo, manja kumbuyo. Kenaka mtsikanayo anakwera pomwe munkaima inu paja. Maso ake atafika pa galasi, kumwetulira kunatha.

"Bambo, muli madzi umu?"

"Pakati pa galasi, mayi, monga mwa lamulo. Mukati tiyatse mawa, tiyatsa."

"Akhalamo nthawi yaitali bwanji?"

"Chiimireni."

Mtsikanayo anatenga tochi ndi hamala n'kukwawira m'chipinda cha moto kudzera pa kachitseko komwe munkaponyera malasha. Ife kunja tinkangomvetsera. Poyamba chitsulo chinkalira bwino, ngwe, ngwe. Kenaka chinayamba kumveka ngati akumenya thabwa lofumbwa. Kenaka tinamva madzi. Anatuluka atanyowa kuchokera paphewa mpaka m'chiuno, madzi ake ofiira ngati a m'dothi la katondo. Hamala inali italowa m'chitsulo.

Anakhala pa sitepe n'kuwafotokozera alamu anu pang'onopang'ono, mawu ali pansi. Anati lamulo lija ndi la sitima yoyenda. Sitima yoima imagona youma, zitseko zonse zili pululu kuti mphepo izidutsa. Madzi a pampopi akakhalitsa amadya chitsulo, ndipo ukawonjezera atsopano amadya mwamphamvu kuposa akale.

"Ndiye mukuti ndi ine?" anafunsa alamu anu.

"Ndikuti ndi madzi, bambo. Palibe amene anakuuzani."

"Madziwo anadzithira okha?"

A Mbendera anavula chipewa n'kumachiyang'ana mkati.

Chowawa kwambiri chinabwera pambuyo pake. Mtsikanayo anapima mitu iwiri ija. Umodzi ndi wakufa ndithu. Koma winawo, wonyansa kuposa yonse, wopanda mawindo, womwe nkhuku za mlonda zimaikiramo mazira, boyila yake ndi yamoyo. Akuba anaba mipopi yake ya mkuwa kalekale, madzi onse anatayika, ndipo wakhala wouma zaka zonsezi. Ndinamukokera mtsikanayo pambali n'kumufunsa mtengo wa boyila yatsopano ya Njati. Atanena ndinagawa m'mutu ndi penshoni yathu tonse awiri, yankho linabwera zaka zoposa mazana awiri. Ndalama zomwe boma lapeza sizifika ngakhale pa theka. Choncho unduna wagamula kuti adzutse wonyansa uja. Zitsulo zam'mbali, mawotchi a nthunzi, mipopi, wenzulo, zonse zomwe alamu anu akhala akupukuta, azichotsa pa Njati n'kuziika kumeneko. Chotsala agulitsa kwa odula zitsulo.

Mtsikanayu sindikumuda, wagwira ntchito yake. Wabwera kunyumba kuno kawiri kudzapempha kuti alamu anu ndi amene atsogolere kumasulako, chifukwa amadziwa bawuti lililonse ndipo ena angathyole zinthu zosapezekanso. Ulendo woyamba iwo sanatuluke kuchipinda. Wachiwiri ndinamulowetsa kuchipinda, n'kumupatsa mpando pafupi ndi bedi. Analankhula zonse, iwo atayang'ana kukhoma. Atatha, alamu anu anati, "Mayi ake, muuzeni mwanayu apite kwa akuba aja. Ndi amene amadziwa kusamala sitima."

Lolemba anadzuka okha m'mawa, n'kuvala ovolosi. Mtima wanga unati mwina zasintha. Ndinawatsatira. Atafika ku shedi sanapatse moni aliyense. Anatenga sipanala yaikulu, anagwada pansi pa Njati n'kumasula chotsekera cha pansi penipeni. Madzi otsala anatuluka, akuda poyamba, kenaka ofiira, ali ndi zibenthu za dzimbiri zazikulu ngati chikhatho changa. Anayenderera pa simenti, kudutsa pansi pa nsapato zathu, mpaka mu ngalande. Iwo anakhala chigwadire kufikira atasiya kudontha. A Mbendera, amene anali pomwepo, anayesa kunena kuti mkwatibwi wakodza pa ukwati, koma sanamalize. Alamu anu anapukuta sipanala, anaipachika pa msomali wake, n'kupereka makiyi kwa mlonda. Pobwerera tinapuma kasanu pa msewu womwe ankauyenda osaima. Titafika anandiitana n'kundionetsa suti yomwe akufuna adzavekedwe.

Mawu anga sakulowa, achimwene. Ndikati si mlandu wawo amati, "Aphunzitsi, yankho likalakwa mumachonga chifukwa mwana anayesetsa?" Ndipo n'zoona, sindinachongepo. Abusa abwera, ana aimba foni, onse amawayankha mwaulemu n'kutembenukira kukhoma. Koma inu munagwira fosholo pambali pawo, lamulo lija munaphunzira kwa munthu mmodzi. Akanakhala inu ku shedi kuja, mukanathira madzi omwewo. Zimenezi afunika azimve kuchokera pakamwa panu, mutakhala pa mpando uja. Kumasula kuyamba mwezi uno ukatha. Ndikuona kuti akakagwira sipanala ndi manja awo, mwina adzadya. Akadzamvera pa bedi kuti ena amasula, sindikuwerengera zoti adzadzukanso.

Ndikudziwa kuti bondo lanu likuvuta ndipo ulendo ndi wa masiku awiri. Chipinda cha ana ndakonza kale.

Mundipatsire moni alamu, muwauze kuti ndikubwereka amuna awo ndipo ndidzabweza. Moni kwa ana ndi adzukulu onse. A Mbendera akuti moni, ati mubwere ndi fosholo yanu. Alamu anu ndawafunsa tsopano lino ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Ati ndikuuzeni kuti musavutike, ulendo ndi wautali ndipo kuno kulibe choti mudzaone. Ndalemba monga anenera. Ine ndikuti bwerani, ndipo musadikire kuti mwezi uthe.

Ndine mlongo wanu wokukondani.