Funso la eya kapena ayi

Lachinayi, ku Nsaru. Mtima suli m'malo lero.

Kwa masabata atatu ndakhala ndikufunsa eni mashopu a mbewu funso limodzi: munatsegula shopu yachiwiri kapena ayi? Masana aphunzitsi anga a kuyunivesite anaimba foni. "Chisomo, njira yowerengetsera mayankho mwatsatayi ndi ya zinthu zoyeza pasikelo, ngati fodya. Mayankho a eya kapena ayi ali ndi njira yawo, yotchedwa logit. Yambiraninso."

Sakunama. Kompyuta ikuti mwayi woti Mayi Nabanda, mmodzi wa eni mashopuwo, atsegule shopu ina sukufika ndi pa ziro pomwe, chonsecho dzulo ndinawapeza ku Nambuma akupenta chitseko cha shopu yatsopanoyo.

Lipoti la kafukufukuyu likufunika Lolemba, ndipo logit sindinaigwirepo chiyambire.