Munda wa Bambo Walowa Nyanja

Oussouye, 9 Meyi

Wokondedwa mlongo wanga Ampa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ku Dakar, pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Chifuwa chija chinakusiya? Kuno tadzuka. Amayi mawondo okha ndiwo akuvuta, pakamwa mpolimba monga kale.

Ndamva kuti ukufuna kusiya ntchito kudoko mvula isanagwe, ubwere udzamangenso khoma logumuka lija, lotchinga nyanja kumunda wa mpunga wa Bambo, monga unalonjeza pamaliro awo. Kalatayi ndaiyamba kangapo n'kuing'amba. Undipirire.

Ukukumbukira mmene Bambo ankakhalira ndi nyanja? M'chilimwe ankatsegula thunthu la mgwalangwa lobowola lija lili pansi pa khoma, madzi amchere n'kulowa kudzapha udzu ndi kusiya matope. Mitambo ikayamba kuda, ankatseka. Mvula inkatsuka mcherewo pang'onopang'ono, iwo n'kumaviika chala, kulawa, kulavula, mpaka tsiku limene ankameza. Pamenepo Amayi ankatsika ndi mbande. Ife tinkathamanga pamwamba pa khoma, iwe patsogolo, nkhanu zikubalalikira m'mauna. Bambo ankati nyanja ndi mlendo wabwino, bola udziwe nthawi yomuperekeza.

Chigumukireni khomalo, ndikaweruka kusukulu kumene ndimaphunzitsa ndimapita kumundako ndi timabotolo tanga toyezera mchere. Bambo aang'ono Célestin sandipumitsa. Ati zaka zonse zija za ku yunivesite, mwana wawo wangotulukira zoti m'nyanja muli mchere. Ati ndikamaliza ndiyezenso uchema wawo, chifukwa akukayikira kuti wofulula amaubatiza ndi madzi.

Ndinaseka nawo, koma zimene ndapeza si zoseketsa. Ndinakumba dzenje kumtunda kwa mundawo, kutali ndi pogumuka. Madzi otumphuka pansi amakwera nyanja ikakwera, amatsika ikaphwa. Ndipo ndi amchere kuposa a m'nyanja yeniyeniyo, chifukwa mtsinje wathu, umene nyanja imadzeramo, sulandiranso madzi opanda mchere okwanira. Dzuwa limamwa madzi, mchere n'kutsala. Nyanja sikulowanso pakhomo, Ampa, ikudzera pansi. Khoma ungalimange lalitali ngati tchalitchi, mizu idzapsabe.

Umandidziwa, ine sindidzikhulupirira. Ndinabwereza mwezi uli wamng'ono, ndinabwerezanso utakhwima. Ndinatumiza madziwo kwa mnzanga amene tinaphunzira limodzi, ndikulakalaka andiuze kuti ndalakwitsa. Sanatero.

Lamlungu ndinawauza Amayi. Anapitiriza kupeta ngati sanamve. Kenako anafunsa ngati ndakuuza, ndinati ayi. Ati iwo sangakuuze, chifukwa mayi sauza mwana wamwamuna kuti aike pansi kayendo ya bambo ake, fosholo imene mwini wake anafa akuigwirabe. Mudzi ungawanene mpaka kumanda. Koma ati wakufa sadya mpunga, amene amadya ndi ana ako. Ati ndilembe ineyo, wamabotolo, poti manyazi ndinawasiya ku yunivesite.

Choncho ndikukupempha, mlongo wanga, usasiye ntchito. Unalonjeza ukulira, tonse tinamva, ndipo palibe akukayikira mtima wako. Koma ukabwera udzathyola msana chaka ndi chaka, n'kukolola mchere, ana ako n'kuchoka pasukulu. Ngati pali wofunika kumukwiyira, kwiyira ine. Ndikadzapezeka kuti ndinalakwitsa, mlandu ndi wanga.

Mbewu yofiira ya Bambo sifa. Bambo aang'ono atipatsa mizere m'munda wawo wakumtunda, ati bola ndisabwereko ndi mabotolo, ndingawalodzere nawonso.

Ubwere nthawi yokolola, ngati mwana wobwera kwawo, osati ngati wamlandu. Dzulo ndinaima pa chotsala cha khoma madzi atadzaza. Anali oyera mbee, ndipo pansi pake mizere imene Bambo anaunda komaliza ikuonekabe, yowongoka, tinsomba tikuyenda m'makwalala mwake. Nyanja ikuisalaza pang'onopang'ono. Ubwere nawo ana adzaione isanafafanizike.

Undiperekere moni kwa alamu, uwapsompsone ana m'malo mwanga. Amayi akuti uzivala zofunda kudokoko. Mulungu akusunge, ndipo akupepuze mtima.

Ndine mlongo wako,
Philomène