Kwa a Gonthi, Omwe Anagoletsa ndi Dzina la Eni

Ababa, lero zakwana zaka khumi chitisiyireni. Munapita pa 9 Ogasiti 2014, Loweruka masana, nthawi yomwe mpira umayamba pabwalo lathu kuno ku Thuchila. Chaka chilichonse takhala tikuika kachikumbutso kakafupi m'nyuzi, ndi chithunzi chanu chija cha suti, pansi pake mawu awiri okha: A Gonthi. Chaka chino chithunzi ndasintha ndipo mawu ndachulutsa. Ndine Marcia, mwana wanu woyamba, yemwe munkati mtima wake ndi wapachala. Sindinasinthe. Mlongo wanga Pilato wakana kuti dzina lake likhale pansi pa zomwe ndalembazi, koma dziwani kuti nayenso amakulirani, monga amayi a Rosalia ndi adzukulu anu Emma ndi Joice omwe simunawaone.

Pakhomo pano timakusowanibe. Lamulungu masana mukatenga wailesi kuti mumvere mpira, tonse tinkasuntha zinthu zosweka, chifukwa mwendo wanu wamanzere sunkadziwa kuti muli pakhonde. Tsiku lina munamenya lichero la nandolo wa amayi, nandolo mbwee bwalo lonse, inu n'kunena kuti wolakwa ndi goloboyi. Munatola nokha mpaka dzuwa kupendeka, mukuseka, amayi atakuimirirani ndi tsache. Pokonza njinga za anthu pamsika munkaimba mluzu, ndipo ndikabwera ndikulira kuti anzanga andinena, munkandiuza kuti wosewera wabwino sayankha masapota, amayang'ana mpira. Malangizo amenewo ndawasunga zaka khumi, Ababa. Lero ndiwaphwanya.

Anthu kuno sanakuiwaleni. Pashedi ya akabaza, ku bawo, ngakhale pamaliro anthu akatopa ndi nyimbo, nkhani imakathera pa chaka cha 1997, pomwe timu yathu ya Mphezi inatenga chikho cha matimu a m'midzi. Amatchula mndandanda wonse, kuyambira pagolo mpaka kutsogolo, ngati akulakatula Malamulo Khumi. Amati mpira unali kale, wa masiku ano ndi wa ana odzola mafuta. Akafika pa fainolo ndi Njati za ku Limbuli, aliyense amaimirira. Dzuwa la Okutobala, palibe yemwe wachinya mnzake, kwatsala mphindi zitatu. Kona inabwezedwa ndi mutu, mpira unagwera kwa inu, munaudekha pachifuwa, n'kuuwomba ndi wamanzere usanagunde pansi. Mtunda wake umatalika chaka ndi chaka. Inu munkati munali pafupi ndithu, koma pano alipo olumbira kuti munawombera muli pamlatho wa Thuchila. Nyimbo ija amaimbabe akaledzera: Gonthi samva, Gonthi samva, amamva ukonde wokha.

Achinyamata amaganiza kuti munali ndi vuto la makutu. Inu amene munkamva ndikutsegula chitini cha shuga muli kuseri kwa nyumba. Ndiloleni ndinene pano chomwe akuluakulu onse akudziwa koma amameza.

Munafika kuno mu 1988 kuthawa nkhondo kwanu ku Milanje, kutsidya kwa malire, mayi anu ataphedwa m'munda. Amayi a Rosalia nawonso anabwera chomwecho, ndipo munakumana pamzere wolandira ufa. Nkhondo itatha, anzanu anakwera malole kubwerera. Inu munatsala, poti kwanuko kunalibe wokulandirani ndipo ine ndinali nditabadwa. Mai Esteri Makwinja, mzimu wawo uuse mumtendere, anakutengani ngati mwana wawo, n'kukudulirani malo kuseri kwa nyumba yawo oti mumange ndi kulima. Mwana wawo weniweni, a Hopewell, anali atalembetsa mu timu ya Mphezi, kenaka n'kuzemba kupita ku Joni osatsanzika. Lamulo la chikho linkati osewera akhale nzika, olembedwa kale m'kaundula. A Lackson, kaputeni wa timu, anali atakuonani mukusewera ndi ana mpira wachikulunga. Anatenga khadi la a Hopewell, lomwe linalibe chithunzi, n'kukupatsirani m'manja. Kuyambira tsikulo pabwalo munali Hopewell Makwinja.

Koma khutu silibwereka dzina msanga. Anzanu ankakuwa kuti Hopewell, Hopewell, patsira, inu osacheuka, chifukwa simunkadziwa kuti akuitana inu. Munkangopita nokha ndi mpira, kudutsa mmodzi, wachiwiri, wachitatu. Masapota anayamba kukutukwanani kuti ameneyu ndi gonthi. Mutagoletsa kangapo, chitukwano chija chinasanduka chikondi, ndipo dzina linakhazikika mpaka pamtanda wa pamanda anu. Munkaseka ponena nkhaniyi.

Chithunzi chili pamwambachi aliyense kuno akuchidziwa, chapachikidwa ngakhale mometera tsitsi. Timu yonse yakuunjikirani pansi, ndipo anthu amaloza n'kumati onani chimwemwe. Ndikupempha owerenga ayang'anitsitse dzanja la a Lackson. Lili pakamwa panu. Munandiuza zimenezi muli gone ku chipatala cha Mulanje Mission, sabata yomaliza ija. Mpira utalowa munaiwala zonse. Munathamanga mutayang'ana kumwamba, mukufuulira mayi anu m'Chipwitikizi kuti amayi, ndine, ndine, n'kutchula dzina lanu lenileni. Anthu a ku Limbuli ndi a m'malire, Chipwitikizi amachimva monga amamvera Chilomwe. Akanamvetsa bwino, chikho chikanalandidwa pomwepo, ndipo inu mwina mukanagona kupolisi. A Lackson anakudumphirani n'kukutsekani pakamwa, enawo n'kugwera pamwamba kuti mawu asatuluke. Munati munatsala pang'ono kukomoka. Tsiku lalikulu la moyo wanu wonse munalimaliza mukupuma ndi mphuno.

Zikanathera pomwepo sindikanalemba. Koma mu 2018 a Hopewell enieni anabwerako ku Joni, ndi chikwama chimodzi ndi chifuwa chosatha, mayi awo atamwalira kale. Anapeza dzina lawo lili ngwazi. Poyamba ankakana, ndiwachitire chilungamo. Ankati amenewo anali achimwene anga a Gonthi. Kenaka anyamata obwera kumene anayamba kuwagulira mowa, kuwajambula pafoni, kuwafunsa mmene zinakhalira. Munthu amene moyo wamukana, ukamupatsa mpando sakhalitsa chiimire. Pano amafotokoza chigoli chanu ndi manja ndi miyendo, ndipo amachiwomba ndi mwendo wamanja. Ndinawamva ndekha ndikugula tomato. Madala omwe analipo tsiku lija anangoweramira pa bawo.

Mawa, Ababa, Loweruka, komiti ya masapota akale ikukhazika chikwangwani pabwalo. Ndachiona kwa wolemba zikwangwani, penti isanaume: Bwalo la Hopewell Makwinja, Ngwazi ya 1997. Wodula riboni ndi a Hopewell omwewo, ndipo awasokera jezi ya nambala naini. Ndinapita kwa a Lackson, omwe pano ndi wapampando wa komitiyo, akuyenda ndi ndodo. Anandilandira bwino, kundipatsa mkeka, koma sanandiyang'ane m'maso. Anati mwana wanga, chikho chija ndi chokhacho mudzi uno unaonapo, ukanena zoona a ku Limbuli adzati tinaba, ndipo adzakhala akunena zoona. Anati pa kaundula palembedwa Hopewell, ndiye chikwangwani sichikunama. Ndinawafunsa ngati dzanja lawo silinatope zaka zonsezi. Kenaka ndinachoka osatsanzika, zomwe ndikudziwa kuti mukanandikalipira.

Nkhani sigona. Wina anawatsina khutu a Hopewell kuti ndikufuna kulemba m'nyuzi. Sabata yatha anabwera kunyumba, chipewa osavula, n'kukhala pampando wanu uja. Sanalankhule ndi ine, analankhula ndi amayi. Anati mlendo ndi mame, koma mame ena akana kuuma. Anati dzina linali lawo, malo ndi a mayi awo, ndipo ife tadyera zonse ziwiri popanda pepala lililonse. Tikawachotsera dzina pamaso pa anthu, iwo atichotsa pamalo, ndipo abale awo ali kumbuyo kwawo. Sakunama, pepala tilibe. Mai Esteri analoza ndi chala malire, kuyambira pamtengo wa mapeyala kukafika pamwala, basi. Inu mukudziwa mmene malo alili kuno ku Mulanje, tiyi mbali iyi, phiri mbali iyo. Nyumba yomwe munaumba njerwa zake nokha, munda wa chinangwa ndi nandolo womwe umadyetsa amayi ndi adzukulu anu, zonse zili pamalo amenewo.

Chichokereni a Hopewell pakhomo pano sipanakhale mtendere. Pilato anandikalipira mpaka mawu kusasa. Akuti dzina silidyedwa. Akuti akufa safuna chikwangwani, koma amoyo amafuna denga, ndipo ine ndili ndi ntchito yanga ya uphunzitsi, ndikhoza kuchita lendi kulikonse, nanga amayi pa msinkhu wawo adzalowera kuti? Akuti inuyo munakhala chete moyo wanu wonse kuti ife tikule pamalo pano, ndiye ine ndine ndani woti ndigwetse zomwe munamanga ndi kukhala chete kwanuko. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ali ndi mutu. Ndikuopa, Ababa, sindibisa. Ndikuopa kuti mwina ndikuchita izi chifukwa cha mkwiyo wanga, osati chifukwa cha inu. Koma ndikaganiza kuti Emma ndi Joice azidzadutsa pabwalo paja kupita kusukulu, n'kumauzidwa kuti agogo awo anali wokonza njinga wogontha amene ankangokhala kwa eni, mtima umakana.

Amayi sananene kanthu masiku onsewa. Ankangosesa pomwe asesa kale, ndipo chakudya ankangochigwiragwira. Ndinaganiza kuti andikwiyira. Choncho ndinalemba zikumbutso ziwiri, chachifupi chija cha chaka ndi chaka, ndi chino, ndipo ndinadziuza kuti popanda mawu awo nditumiza chachifupicho. Malo ndi awo, si anga kapena a Pilato.

Ndime ino ndawonjezera Lachitatu m'mawa, ndisanatumize. Ndinawapeza amayi m'munda akuzula chinangwa, ndipo anandiuza kuti ndiwawerengere chachitalicho. Ndinawerenga chiimire, iwo atatsamira khasu. Nditamaliza anapukuta manja pachitenje, n'kulowa m'nyumba. Ndinati basi zatha. Anatuluka ndi kakhadi kachikasu, kothetheka m'mphepete, komwe anakasokerera mkati mwa pilo chibwerereni kuno. Linali khadi lanu la ubatizo la ku Milanje. Sindinkadziwa kuti lilipo. Anandilozera ndi chala chamatope kuti ndalakwitsa kalembedwe ka dzina lanu, ndaika n ziwiri motsatizana ngati dzina la Chingerezi pomwe lanu lili ndi imodzi pamenepo. Ndinawakumbutsa za malo. Anati anathawapo kale ndi mtolo pamutu zipolopolo zikulira kumbuyo, ndiye kamangidwe ka mtolo akukadziwa, ndipo a Hopewell alibe mfuti. Kenaka analitchula dzina lanu mokweza, pabwalo la nyumba yathu, anthu akudutsa pamsewu. Chibadwire changa ndinali ndisanawamvepo akulitchula.

Mawa tikakhala pabwalo, mzere wakutsogolo, amayi ndi ine ndi nyuzi ino m'manja. Pilato sananene ngati abwera. Chomwe chikachitike kumeneko sitikuchidziwa, ndipo ngati mvula ya chaka chino idzatipeze pamalo pano sitikudziwanso. A ku Limbuli akafuna chikho chawo abwere adzatenge, chili pa kabati kwa a Lackson, chachita dzimbiri. Koma yemwe anagoletsa pa fainolo ya 1997, ndi mwendo wamanzere, anali Arsenio Inocencio, mwana wa Arminda wa ku Milanje, mwamuna wa Rosalia, bambo athu.

Usani mumtendere, a Arsenio. Dzina ili sitidzalibisanso, ndipo sitidzaliiwala.

Ine mwana wanu Marcia, pamodzi ndi amayi.