Waya Wofiira ndi Waya Wobiriwira

Amayi, kaya muli bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Lilongwe tadzuka bwino, vuto ndi fumbi lokha. Paliponse akukumba misewu, moti ukavala malaya oyera m'mawa, pofika masana asanduka ena. Patangopita miyezi iwiri titakuikani, lole ya boma inabwera kudzanyamula katundu wathu ku Zomba, poti likulu lasamukadi monga munkamvera pa wailesi. Anatipatsa nyumba ku Area 15. Mpongozi wanu Esinati analima chimanga kuseri, ndipo tinakolola madengu atatu. Koma ndikadzuka ndimayang'anabe kumene kukanakhala phiri, n'kupeza thambo lokhalokha.

Chimene chandikhazika pansi lero ndi nkhani ya maso anga. Ntchito inali yomwe ija, yolumikiza magetsi m'nyumba za boma. Ku Zomba nyumba zinali zakale, mawaya ake ndinawazolowera, ndipo ndikakayika ndinkayamba ndayesa ndi chipangizo. Kuno nyumba ndi zatsopano zokhazokha, ndipo amatifulumizitsa chifukwa mabwana akudikira kulowa. Mwezi wa Meyi ndinaika chitofu cha magetsi m'nyumba ina ku Area 9. Waya wofiira ndiye amanyamula moto, wobiriwira ndi woteteza munthu. Ine ndinawasinthanitsa. M'mawa mwake a Nachisale, mayi wogwira ntchito m'nyumbamo, anagwira chitofucho, ndipo magetsi anawaponyera kukhoma. Sanafe, Amayi, koma dzanja linapsa, ndipo zala ziwiri sizipindika mpaka pano.

Mkulu wathu wa pantchito ndi a Gondwe, ochokera ku Rumphi, munthu wosakweza mawu. Anandiitana, n'kuyala zidutswa za waya patebulo, n'kundiuza kuti nditole zofiira zokha. Nditamaliza anaona kuti ndatola ndi zobiriwira zomwe. Kenako anati, "A Chimwaza, zimenezi zinayamba liti?" Ndinawauza zoona, kuti chibadwire. Tsiku lomwelo ananditumiza kuchipatala.

Adokotala anandionetsa buku la timadontho tamitundumitundu, n'kumandifunsa manambala amene ine sindinkawaona. Atatero anajambula diso papepala. Anati kumbuyo kwa diso, m'kati mwenimweni, kuli kachikopa kopyapyala kodzaza ndi tinthu tating'ono kwambiri timene timamva kuwala. Kuwala kukatigunda, timatumiza uthenga ku ubongo kudzera mumtsempha, ndipo m'pamene munthu amaona. Tina timagwira ntchito kukachita kamdima koma sitizindikira mitundu, n'chifukwa chake madzulo zinthu zimaoneka zotuwa. Tina ndi ta masana, ndipo tili m'magulu atatu: lina limamva kwambiri kufiira, lina kubiriwira, lina buluu. Ine gulu limodzi ndinabadwa ndilibe. Mankhwala ake palibe, magalasi sangathandize. Anatinso kawirikawiri mwana wamwamuna amatengera zimenezi kudzera mwa mayi ake.

Nditatuluka ndinakhala pabenchi, maganizo ali kudimba kwathu ku Domasi. Mukukumbukira mmene ndinkathyolera tomato wosapsa, achemwali n'kumandiseka? Inu simunandikalipirepo. Munkagwira dzanja langa, kuliika pa tomato, n'kunena kuti, "Iwe uzifunsa zala, maso ako ali ndi njira yawo." Munkati abambo anu analinso choncho. Nanga chitenje chija ndinakugulirani nditangoyamba ntchito? Ine ndinkaona ngati n'chofatsa, choyenera munthu wamkulu, chonsecho chinali chofiira psu ndi maluwa obiriwira. Munachivala kupita nacho kutchalitchi mpaka chinatha.

Palinso china chimene chikundivutitsa. Tsiku limene ndinakuuzani kuti ndikukaphunzira zamagetsi, munandifunsa ngati mawaya ali ndi mitundu. Ndinakuyankhani mwachipongwe kuti zimenezo inu simungazidziwe. Simunabwerezenso. Munandikonzera kamba wa paulendo, basi. Pepani, Amayi.

Ndinkayembekezera kuchotsedwa ntchito, koma a Gondwe anandilembera kalata yabwino. Tsopano ndili m'nyumba yosungira zipangizo ku Capital Hill, ndimapereka zida kwa anzanga akamapita kukagwira ntchito. Masiku oyamba zinkandiwawa kuwaona akunyamuka ine n'kutsala, koma ndayamba kuzolowera.

Loweruka lapitali ndinalimba mtima n'kupita kwa a Nachisale, kumudzi kwawo kufupi ndi Likuni. Ndinawafotokozera zonse, ngakhale zoti ndinkadziwa kale kuti mitundu imandisokoneza koma ndinkabisa. Anandimvetsera, dzanja lopsa lija lili pamwendo. Kenako anati, "Mukanangonena, bambo. Mukanangofunsa mnzanu kuti uyu ndi waya wanji." Sananene kuti andikhululukira, komabe anandiperekeza mpaka pamsewu. Ntchito yawo ikadalipo, ndipo Esinati wati azipita kukawathandiza kuchapa mpaka dzanja litalimba.

Ndasunga nkhani yokoma kumapeto. Masabata atatu apitawa Esinati anachira, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Adokotala akuti iyeyu aziona mitundu yonse bwinobwino, koma akadzabereka ana aamuna, ena akhoza kudzakhala ngati ine. Ndikulonjeza kuti akadzangoyamba kumva zinthu ndidzamuuza ndekha, poyera, kuti pasadzapezeke wina m'banja mwathu wobisa zimenezi chifukwa cha manyazi.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Layisoni