Dzina Limene Msuweni Anafufuta pa Mndandanda

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, bondo lija likuwavutabe? Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chandigwira sabata ino.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni kuti nkhaniyi muiwerenge mofatsa. Ndi ya msuweni wathu, mwana wa azakhali, amene ndinamupezera ntchito ya ukalaliki pakampani pathu chaka chatha. Amuchotsa ntchito Lolemba lapitali.

Mukudziwa kuti ine ndimayang'anira makompyuta a pakampani. Pali pulogalamu imodzi imene timayendetsera makompyuta onsewo. Imeneyi imaikira aliyense malire: kalaliki amaona za ntchito yake zokha, wotsegula paliponse ndine ndekha. Koma pulogalamuyo inali ndi chibowo. Makina osindikizira akaima, munthu amaipempha kuti iwadzutse. Akawonjezera timawu tina pamalo olembapo dzina la makinawo, inkamumvera ngati walamula ndine.

Msuweni anachitulukira chibowocho mwangozi, tsiku lina makina atamutafunira mapepala. Sanauze munthu. Kwa milungu itatu ankalowa m'mafayilo a akuluakulu n'kumawerenga. M'menemo anapeza mndandanda wa anthu oti achotsedwe ntchito kumapeto kwa chaka, dzina lake lilipo. Analifufuta n'kulembapo la mayi wina wogwira ntchito kosungira katundu.

Amayi oona za antchito anali atasindikiza kale mndandandawo n'kuusunga m'kabati. Atayerekeza pepala lawo ndi za m'kompyuta, anaona kuti sizikugwirizana. Kompyuta imasunga mbiri ya amene wasintha chinthu, ndipo mbiriyo inaonetsa dzina langa. Anandilanda khadi lolowera n'kundiuza kuti ndikakhale kaye kunyumba. Mlonda wa pageti, amene timaseka naye tsiku lililonse, anandiperekeza mpaka kumsewu maso ali pansi.

Ndinakhala kunyumba masiku anayi. Ndinachapa makatani onse. Lachisanu anandiitana kuti ndikakhale ndi katswiri amene anamubweretsa kuchokera kukampani ina. Tinapeza kuti dzinalo linasinthidwa Lachiwiri la sabata yam'mbuyo cha m'ma 10 koloko m'mawa, nthawi imene ine ndinali pamakwerero ndikukoka mawaya, anthu asanu akundiona. Lamulolo linachokera pa kompyuta ya pafupi ndi zenera, mzere wachiwiri. Ndinaidziwa, popeza ndinaiika pamenepo ndekha. Akuluakulu anati nkhani tikaimaliza Lolemba.

Lamlungu masana msuweni anabwera kwathu. Anakhala kumapeto kwa mpando, jekete osavula, tiyi anazizira ali m'manja. Anati ali ndi ana atatu, pamene mayi wa kosungira katundu uja, malinga ndi zimene anawerenga m'mafayilo, mwamuna wake ali pantchito. Ndinamufunsa ngati anayambanapo ndi mayiyo. Anati ayi, sakumudziwa n'komwe, kungoti dzina lake ndi limene linali pafupi m'kaundula wa antchito. Kenako anandipempha kuti ndikanene kuti kompyuta imeneyo amakhalapo anthu ambiri. Ndinamufunsa kuti masiku anayi onse aja ine ndili panyumba, iye anali kuti. Anayankha kuti, “Ndimadziwa kuti iwe sangakuchotse, amakufuna.” Sitinakangane. Ndinamuperekeza mpaka pakhomo.

Lolemba anandifunsa kuti pa kompyutayo pamakhala ndani, ndipo ndinawauza. Naye sanakane.

Nanenso sindinatuluke woyera. Opanga pulogalamuyo anali atatumiza chigamba chotsekera chibowocho miyezi iwiri m'mbuyomo. Sindinachiike, chifukwa tinkaganiza kuti chifunika kuzimitsa makompyuta onse theka la tsiku, ndipo abwana ankangoti tidikire ntchito ichepe. Pamsonkhano wa Lolembawo abwanawo anati sakukumbukira. Andipatsa kalata yochenjeza, ndipo ndasainira. Chigambacho ndinachiika tsiku lomwelo, sichinatenge ngakhale ola.

Mayi wa kosungira katundu uja adakali pantchito. Anamva kuti ine ndi msuweni ndife pachibale, ndiye tikakumana pakhonde amangodutsa.

Pempho langa ndi limodzi. Msuweni akubwera kumeneko Loweruka pa basi ya m'mawa, mkazi wake ndi ana atsatira sukulu ikatsekera. Chonde pitani kwa azakhali iye asanafike, mukawafotokozere monga ndalemberamu, osachotsa za kalata yanga yochenjeza ija. Akakufunsani ngati ndinamutchula ndine, musazungulire, muwauze kuti inde. Ngati akufuna kundikalipira, foni yanga akuidziwa, ndiyankha.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, amalume ndi ana onse. Azakhali muwapatsenso moni wanga, kaya aulandira kaya ayi.

Ndine mlongo wanu,
Wamawaya