Loweruka Limene Alamu Anandilanda

Lachiwiri, 4 Juni

Diresi yobiriwira ya achemwali yabwera kuchokera kwa telala. Waibweza m'chiuno, achemwali anali ndi thupi kuposa ine. Fungo lawo mulibenso, la mankhwala a njenjete basi. Ndanunkhizabe m'khosi mwake ngati chitsiru.

Sewero lathu lanyimbo litsekedwa Loweruka pa 15. Tsiku langa! Lamulo la gulu lathu: tsiku lotseka, woimba wamkulu amakhala pansi, amene wakhala akumudikirira kuseri kwa katani ndiye amatenga gawo lonse. Analiyambitsa ndi achemwali omwe, ati nayenso wodikirira ali ndi pakhosi. Nthawi imeneyo wodikirira wawo ndinali ine. Ntchito yanga kuwatsekera zipi, kuwagwirira madzi, kuloweza mawu onse osawaimba. Sewero silinafike potseka. Anadwala lili pakati, n'kutisiya.

Chaka chino alamu, amene anapeka nyimbo zonsezo, alidzutsanso. Gawo la akazi awo anapatsa Adona. Ine pomwe paja. Adonawo ndi thanthwe la munthu, ngakhale chimfine chimawaopa.

Ndawauza Ababa. Akuti ndiwachapire jekete.

Lachinayi, 6 Juni

Kusitolo anthu ochepa. Ndayeza nsalu ndikuimba chamumtima, mpaka ndamudulira mayi wina mopitirira. Abwana sanaone.

Ababa tsiku lonse pawindo. Maso akutha, mutu nawo umapita n'kubwera. Koma za pa 15 sakuiwala, afunsa katatu. Anatiphunzitsa kuimba ndi iwo, tonse awiri, akumenya tebulo ndi supuni. Achemwali, Ababa ankawatcha Kambalame. Ine amangondiitana kuti iwe. Sindidandaula, ndinazolowera. Koma Loweruka limenelo adzakhala mzere wakutsogolo, adzandimva ineyo ndekha, popanda wina patsogolo panga. Kamodzi kokha ndikupempha.

Mawa masana kuyeserera ndi alamu.

Lachisanu, 7 Juni

Sindikudziwa kuti ndalakwa chiyani.

Holo yopanda anthu, mipando yopinda, wosesa yekha kumbuyo. Ine m'diresi yobiriwira. Alamu pa piyano. Zoyambirira zayenda bwino, mpaka anagwedeza mutu. Tafika pa nyimbo ya pasiteshoni, ija mayi amadikira sitima imene siibwera. Ndime yoyamba bwinobwino. Yachiwiri, manja awo angoima. Ndapitiriza ndekha pang'ono, ndimati mwina atembenuza pepala. Ayi. Atseka piyano, asonkhanitsa mapepala, atuluka osandiyang'ana. Chipewa asiya pampando.

Wang'oma wathu akuti mwina m'mimba mwawatembenuka. Anzathu a m'gulu aseka. Nanenso ndaseka, nanga n'kutani.

Ndayesanso nyimboyo kubafa. Sindikumva polakwika. Chipewa ndabwera nacho.

Lamulungu, 9 Juni

Zatha. Dzulo lija kunali komaliza, ife osadziwa.

M'mawa uthenga pa gulu lathu la pafoni: sewero latsekedwa, zikomo nonse. Basi. Kenako alamu atulukamo m'gulumo. Wang'oma anathamangira kuholo, akuti mapepala a nyimbo achotsedwa onse, pamalo pa woimba aliyense pali mbee.

Osatsanzikana. Osaitana anthu kutsogolo mmodzimmodzi monga timachitira. Dzulo tinangovula zovala n'kumati tionana Lachitatu, ena mpaka anasiya nsapato zawo mommo.

Adona aimba foni akulira ndi ukali. Akuti akanadziwa kuti ndi komaliza akanawerama mwa njira ina. Kenako akumbuka. "Ayi ine, nanga iwe mwanawe?" Ndadula foni.

Diresi ndaikoleka kuseri kwa chitseko. Ababa sindinawauze.

Lachiwiri, 11 Juni

Nkhani ili ponseponse. Pawailesi anthu kuimba mafoni. Ena akuti nyimbo ndi zake, atha kuzitsekera m'sutikesi akafuna. Ena akuti gulu si munthu mmodzi, anthu anatuluka thukuta miyezi yonseyi, sangawataye ngati chikopa cha nthochi. Amene anagula matikiti a sabata ino akuunjikana pakhomo la holo, mlonda watopa n'kufotokoza. Akuti anakangana ndi mwini holo. Akuti akudwala. Akuti kunyada.

Kusitolo kwabwera mayi wina kudzagula nsalu ya makatani, osandidziwa. Amauza mnzake kuti iye wamva zoona zake: wodikirira uja anaimba ngati chule, bamboyo anatseka pothawa manyazi. Ndamuyezera, ndadula, ndakulunga, ndathokoza. Kenako kuseri, pakati pa mipukutu ya nsalu. Ndalira mpaka abwana agogoda.

Anzanga akufuna tichite tokha Loweruka, popanda alamu. Ambiri nyimbo anaziloweza. Mwini holo akuti popanda chilolezo cha wopeka, kiyi satulutsa.

Ababa madzulo: kodi kwatsala masiku angati, iwe? Ndati pang'ono.

Lachitatu, 12 Juni

Ndapita kwa alamu, chipewa chikhale chifukwa.

Makatani otseka masanasana. Ndevu zosameta. Makapu a tiyi pa piyano, munthu amene ankatikalipira tikangoikapo chala. Mapepala a nyimbo mulu pansi, omangidwa ndi chingwe cha nsapato.

Ndinakonza mawu ambiri m'njira. Ndafunsa limodzi lokha, kuti ndinalakwitsa pati.

Ayankha akuyang'ana pansi. "Simunalakwitse, alamu. Ndikanakonda mukanalakwitsa." Akuti Adona akamaimba imakhala nyimbo chabe, munthu umatha kuwerenga mizere n'kupita kunyumba. Koma ine ndinapuma pamene ankapumira achemwali, ndinameza mawu pamene ankamezera iwo. Anadzutsa mutu n'kuona diresi. "Ndinamuika m'manda kamodzi. Kachiwiri sindingathe."

Ndawauza kuti akanatha kusabwera tsikulo, wina akanakhala pa piyano. Akuti akanamvabe ali kuno. Ndawauza za anzathu, za chule, za Ababa ndi jekete yawo. Ndati alamu, ine ndili moyo. Angoti ndikudziwa, pepani. Pepani!

Ndimafuna ndiwade, zikanandipepukira. Koma munthu wake waonda ngati chikoleko cha malaya. Komabe anandilanda. Zonse ziwiri ndi zoona ndipo sindikudziwa poziika.

Nanga ndikanapumira pati? Anatiphunzitsa ndi munthu mmodzi, patebulo limodzi.

Lachisanu, 14 Juni

Pawailesi ayamba kale zina. Adona apeza gawo kugulu lina, ali ndi mwayi. Wang'oma wanditumizira chithunzi cha holo, achotsa chikwangwani chathu, pakhoma patsala mabowo a misomali.

Pobwera kuntchito ndapeza Ababa akupolisha nsapato okha, mofufuza ndi zala. Polishi mpaka m'zigongono. Jekete pamsomali, anandiuza ndiisitenso kolala. Ndasita.

Ndinakhala pafupi nawo kuti ndinene. Ndawafunsa ngati akufuna tiyi.

Loweruka, 15 Juni

Dzuwa lisanafike pamutu anali atavala kale. Jekete, tayi yokhota, ndodo pamiyendo, akhala pampando wa pafupi ndi khomo kudikira galimoto.

Ndagwada n'kuwauza. Zonse ayi, kungoti sewero analitseka, kulibe kopita. Asisita mutu wa ndodo ndi chala. Kenako: "Nanga diresi anatenganso?" Ndati ayi. "Ndiye ukudikira chiyani?"

Ndakavala. Zipi wanditsekera ndi mayi woyandikana nafe, amene ndinamukodola pawindo, kenako wathamangira basi yake. Ndakankhira tebulo kukhoma. Malo ake pakati pa kabati ndi chitseko, ndikatambasula mkono ndikugunda mbale. Ababa apempha supuni.

Ndaimba gawo lonse, kuyambira poyamba. Iwo kumenya pa mkono wa mpando, sanaphonye ngakhale pamodzi. Pa nyimbo ya pasiteshoni wina kuseri kwa mpanda anazimitsa wailesi. Ndime yachiwiri ndadutsa. Ndafika kumapeto, kumene sindinafikeko pamaso pa munthu chibadwire. Mawu anatuluka onse, oyera. Ndikudziwa kuti ndaimba bwino, palibe angandiuze zina.

Supuni yagwa pansi. Misozi mpaka pa kolala ndinasita ija. Atambasula dzanja kundifunafuna, ndawapatsa langa, aligwira ndi manja onse awiri.

"Waimba, Kambalame. Waimba, mwana wanga. Unali kuti nthawi yonseyi?"

Ndati ndinali pompano, Ababa.

Agona tsopano, ndi jekete yomwe, akana kuvula. Akumwetulira. Kunja ana akusewera mpira, dzuwa likadalipo. Ine ndakhala pabedi ndi diresi. Zipi yake ili kumsana, dzanja silikufika. Achemwali ndinkawamasula ndine.