Kaputeni, Lero Simuuluka

Lolemba, 5 Meyi 2025

Ndafika ku Nkhata Bay masana. Magret wandichingamira pachipata, walandira chikwama, osafunsa kanthu. Mkazi wanga amadziwa nkhope yanga.

Zaka 23 ndikuyendetsa ndege. Lachisanu lapitali ku Lilongwe, okwera asanu ndi anayi ali kale m'mipando, ulendo wa ku Likoma. Kenako anatulukira mayi Ellen Chikuse, insipekitala wa boma woona za chitetezo cha ndege. Kuyendera kwadzidzidzi. Laisensi ili bwino, buku la ndege lili bwino. Posaina, cholembera chinandipulumuka. Ndinatola, chinagwanso. Anandiyang'ana pakamwa nthawi yaitali.

"Kaputeni, tanenaninso dzina lanu lonse."

Ndinanena. Akuti silinamveke bwino.

"Lero simuuluka. Mukaonane kaye ndi dokotala."

Pamaso pa Anock, wachiwiri wanga, munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha. Ndinakalipa. Zina zimene ndinanena sindingazilembe muno.

Lachiwiri, 6 Meyi

Kumsika aliyense "a Payiloti, mwabwera kutchuthi?" Eya, tchuthi.

Mayi Chikuse aimba foni kufunsa ngati ndapita kuchipatala. Ndadula. Kalata yodandaula kwa mabwana awo ndatumiza, masamba awiri. Ndati anandinyoza, ntchito saidziwa. Mtima myaa.

Lachitatu, 14 Meyi

Chipatala, Mzuzu. Ndikulemba pang'onopang'ono.

Lachisanu m'mawa tinapita kudoko ndi Magret kukagula nsomba ya batala. Ndikunenerera mtengo, lilime linalemera ngati mwala. Mwendo wamanja kulibe. Ndinagwera pamchenga. Amuna anayi onyamula katundu anasiya matumba awo, kundinyamula mpaka pamsewu. Wina anaimitsa galimoto ya munthu wosamudziwa. Mayina awo sindikuwadziwa.

Sitiroko. Dokotala akuti ya pabwalo la ndege ija inali yoyamba, yaing'ono, chenjezo chabe. BP inakwera kalekale, ine ndimangoti kutopa.

Ndinagwa nthawi ya 9:40. Lachisanu lililonse nthawi imeneyo ndimakhala ndikutsitsa ndege ku Likoma. Ndawerengera kangapo, yankho lomwelo.

Lachisanu, 16 Meyi

Kunyumba. Ndayenda ndekha kuchoka pakhonde kufika pamtengo wa mango. Masitepe 31. Magret m'mbuyo, manja ali chire ngati akulondola mwana wophunzira kuyenda.

A kumpingo anabwera, amayi asanu ndi abusa. Nyimbo za Chitonga zimene ndinasiya kuimba ndili ku sekondale. Mawu ndikuwakumbukira onse. Ndalira, osachita manyazi.

Chinangwa chophika, tiyi wopanda shuga, ndiwo zopanda mchere. Zonse zikukoma. Ndili moyo. Anthu asanu ndi anayi aja ali kwawo, sakudziwa n'komwe.

Lachitatu, 21 Meyi

Anock anabwera ndi basi kudzandiona. Wandiuza zimene ndinali nditaiwala: kalata ija. Mayi Chikuse anawachotsa pabwalo la ndege, angokhala muofesi mpaka nkhani ifufuzidwe. Ena akuti anachita nkhanza kwa kaputeni wamkulu.

Nsima sinalowe.

Ndalembanso kalata ina kwa mabwana awo. Dzanja likunjenjemera, Anock anati andilembere pa kompyuta, ndakana. Aone okha mmene zilembo zapindikira. Mizere isanu ndi umodzi basi. Ndinalakwa ndine. Mayiyu anaona zimene ine, Anock ndi kampani sitinaone. Ndaphatikiza chikalata cha dokotala. Anock akapereka pamanja mawa.

Potuluka anati, "Kaputeni, inenso ndinaona cholembera chija chikugwa. Ndinaopa kulankhula." Sindinamudzudzule. Mantha amenewo ndinamuphunzitsa ndine.

Loweruka, 24 Meyi

Ndatsikira kudoko ndi ndodo, Magret pambali. Awiri mwa onyamula katundu aja tawapeza. Wina ndi Reuben, wa ku Mwaya. Ndawathokoza m'Chitonga, yewu ukongwa, ndagwira manja awo nthawi yaitali. Reuben kuseka: "Ada, mukulemera ngati matumba awiri a simenti."

Ndege yaing'ono inadutsa pamwamba, kulowera kuzilumba. Ndinaizindikira ndi kulira kwake. Zinawawa, koma pang'ono kusiyana ndi mmene ndimaopera.

Lachiwiri, 27 Meyi

Ndawaimbira foni ndine mayi Chikuse. Kawiri osayankha, kachitatu anayankha. Abwerera pabwalo dzulo.

Ndinakonza mawu ambiri opepesa. Anandidula: "Kalata yanu ndaiona. Mankhwala mukumwa?"

Ndafunsa ngati ndidzaulukenso. "Sindingakunamizeni, Kaputeni. Zili kwa madokotala, ndipo mwayi ndi wochepa." Chilungamo chomwechija. Lero sichinandipweteke.

Kenako ndafunsa chimene chakhala chikundivuta. Iwo si dokotala, anadziwa bwanji?

Akuti bambo awo, dalaivala wa basi ku Dedza, tsiku lina pa chakudya cha m'mawa sipuni inawagwa kawiri, mlomo utapendekeka pang'ono. Onse patebulo anaseka, naonso anaseka. Bambowo ananyamuka kupita kuntchito. Sanabwerere.

"Ndinali Fomu 2. Kuyambira pamenepo ndimayang'ana anthu pakamwa."

Ndinafuna kunena zikomo. Mawu anakana kutuluka. Iwo kuyamba kuda nkhawa: "Kaputeni? Kaputeni, muli bwino? Akazi anu ali pafupi?"

Ndili bwino, mayi. Ulendo uno si matenda.